Chipinda cha Zidole kwa Atelala

Kunyumba ankamutchula kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka ukulu. Bambo ake anali telala yekhayo m'mudzimo. Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu, m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo chipinda chakumaso, chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu, ndicho chinali shopu. Amayi ake anamwalira iye ali kusekondale. Achimwene ake ankagwira ntchito m'tauni, achemwali ake anakwatiwa kutali, ndiye atelala anatsala okha ndi makina awo osokera.

Mzime anali m'chaka chachiwiri ku koleji ya aphunzitsi pamene uthenga unamupeza woti bambo agwa. Anagwa ali pamakina, phazi lili pachopondera, buluku la munthu lisanathe mwendo umodzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, lilime linalemera ngati mwala.

Ana atatuwo anakambirana pakhonde la chipatala, ataimirira, poti benchi inali yodzaza.

"Ine ntchito yanga mukuidziwa, ndikajomba sabata imodzi ndiye kuti yatha," anatero achimwene. "Achemwali apa ali pabanja, alamu athu sangalole. Iwe Mzime ndiwe wopepuka. Ulibe mwana, ulibe mwamuna. Sukulu sithawa."

"Nanga mayeso, achimwene?"

"Mayeso amabwera chaka chilichonse. Bambo sabwera kawiri."

Achemwali anali kungolira, kulira kwa munthu amene wapulumuka. Mzime anavomera. Sutikesi yake, momwe munali madiresi ndi makope, anaisiya kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku koleji, n'kumuuza kuti aisunge pansi pa bedi, adzaitenga teremu ikayamba.

Ntchito yosamalira munthu wakufa ziwalo ilibe Lamlungu. Kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuwamwetsa phala, kuwanyamula kupita pampando ndi kuwabwezera pabedi, kuchapa zofunda m'mawa uliwonse. Masabata oyamba, powasambitsa, onse awiri ankayang'ana kukhoma, misozi ya bambo ikutsikira m'khutu. Kenako manyaziwo anapita nachepa monga achepera sopo, mpaka anatha. Pa mawu onse amene atelala ankadziwa, panatsala amodzi okha: "Basi." Akafuna madzi, basi. Akamva kuwawa, basi. Abusa atabwera kudzawapempherera, pemphero lili pakati penipeni, atelala anati, "Basi!" ndipo Mzime anathawira kuseri kwa nyumba kukaseka atadzitseka pakamwa.

Poti sakanatha kuitana, anawaikira kapu yachitsulo ndi supuni pafupi ndi dzanja lamanzere. Ngwe! ngwe! ngwe! Phokosolo linkafika kumjigo, linkafikanso pagolosale, koma kumsika silinkafika. Ndiye kumsika Mzime sankapita, ankachita kutuma. Teremu inayamba, inatha, inabwera ina. Anzake anamaliza, anatumizidwa kumasukulu osiyanasiyana. Makina osokera anawafunditsa nsalu, shopu inayamba kununkha fumbi ndi mbewa. Zaka zinayi zinadutsa chomwecho.

Chaka chachinayicho, achimwene analonjeza kuti abwera ndi banja lonse nthawi ya tchuthi. M'malo mwawo kunabwera saka, lotsitsidwa ndi kondakitala pamphambano. Pamwamba panali malaya akale ndi kakalata ka alamu: ana akula, muone chochita nazo. Pansi pa malayawo panali zidole khumi ndi chimodzi. Mzime anazikhuthulira patebulo lodulira nsalu. Panali mwana wapulasitiki wa mkono umodzi, galimoto yozimitsa moto yopanda makwerero, chimbalangondo chothothoka ubweya pamimba, foni imene inkalirabe ukaidina, timatabwa tomangira tinyumba, ndi zina zimene sanadziwe n'komwe maseweredwe ake. Anakwiya. Iye ankayembekeza munthu woti amulandire ngakhale masiku atatu, apite kumsika ndi miyendo yake, koma amutumizira zinyalala.

Atakweza mutu anapeza zenera ladzaza maso. Ana ochokera kusukulu anali ataunjikana, zibwano zili pafelemu, osalankhula. Ana a m'mudzimo zoseweretsa zawo zinali zitini, dothi ndi mpira wa mapepala omanga ndi luzi. Galimoto yofiira ya matayala ozungulira anali asanaigwirepo.

Poyamba anaganiza zongowagawira, athane nazo. Koma anawerenga mitu nafika makumi atatu, zidole zili khumi ndi chimodzi. Kugawa kukanakhala kuyambitsa nkhondo, ndipo nkhondo ya ana imathera kwa amayi awo. Apo ndi pamene anakumbukira laibulale ya ku koleji, kumene buku limodzi linkawerengedwa ndi anthu zana. Anakhoma misomali khumi ndi umodzi pakhoma, chidole chilichonse ndi msomali wake. Kenako anakoka thumba la tinsalu totsala posoka, nauza mwana aliyense kuti asankhe kansalu kake. Ukatenga chidole, umakoleka kansalu kako pamsomali wa chidolecho. Ukabweza pakatha masiku awiri, umachotsa kansaluko. Ngakhale mwana wosadziwa kulemba dzina lake ankadziwa kuti kamadontho obiriwira ndi kake.

Tsiku lotsatira kunatulukira Amake Mapasa, oyandikana nawo nyumba, akukoka atsikana awo awiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo, mwana wapulasitiki atamupana m'khwapa.

"Anzathu, pepani. Ana awa andivula. Ndawakwapula kale, koma ngati mukufuna onjezerani."

"Alakwa chiyani?"

"Aba ichi."

"Sanabe, ndawabwereka."

"Kubwereka? Chidole? Ngati nkhwangwa?"

"Ngati nkhwangwa. Asewere nacho masiku awiri, abweze, atenge china."

Amake Mapasa anachitembenuza chidolecho uku ndi uku. "Nanga akachithyola mkono watsalawu?"

"Tidzasoka."

"Ndiye inu mupindulapo chiyani?"

Mzime anangoseka. Sakanawauza kuti kwa zaka zinayi, mawu a munthu amene ankamva m'nyumbamo anali amodzi okha aja, ndipo kuti dzulo lake, ana akulimbirana foni, anadzimva akukalipa ndi mawu ake akale a mphunzitsi, amene ankayesa kuti anafa.

Zonena sizinachedwe. Ena ankati mkazi wopanda mwana wayamba kuweta ana a eni. Ena ankati akuphunzitsa ulesi, mwana woyenera kukatunga madzi ali chikhalire kumanga nyumba zoti sagonamo munthu. Bambo wina anaponya chimbalangondo m'chimbudzi, ati chinkamuyang'ana. Galimoto yozimitsa moto inasowa milungu itatu, n'kudzapezeka m'thumba la malaya la agogo ena amene ankaiyendetsa pamphasa adzukulu akapita kusukulu. Koma ana ankabwerabe, ndipo zambiri zinkabwerera, zina zitavala fumbi, zina zitasambitsidwa mpaka kusuluka.

Masana Mzime anayamba kukokera mpando wa bambo m'shopu muja, kuti asamathamange uku ndi uku. Atelala ankakhala pakona, maso akutsata mwana aliyense. Mmodzi wa mapasa aja atawamva akuti "Basi, basi," anafunsa monong'ona, "Anti, agogowa akudikira basi yopita kuti?" Mzime anati yopita kutauni, koma imachedwa. Kuyambira pamenepo ana akalowa ankati, "Agogo, sinafikebe?" ndipo theka la pakamwa pa atelala linkamwetulira.

Tsiku lina anavundukula makina kuti asokere mwana wapulasitiki uja mkono wansalu. Ulusi unkangoduka. Atelala anagogoda kapu mwaukali mpaka iye anakokera mpando wawo pafupi. Ndi dzanja lamanzere analoza pamene analakwitsa kulowetsa ulusi, kenako anagwira gudumu n'kuyamba kulizungulitsa pang'onopang'ono, iye akuyendetsa nsalu. Msoko utakwana anati, "Basi," ndipo ulendo umenewu mawuwo anagwa pamalo pake. Kuchokera tsiku limenelo anasoka zidole za nsanza, mipira yofewa, njovu ya makutu osiyana mitundu. Misomali inafika makumi anayi. Ana anasiya kunena kuti kwa atelala, anayamba kunena kuti kwa Anti a zidole.

Matayala akathothoka ankawatumiza kwa wokonza njinga wa pamphambano, amene anthu ankamutcha a Sipoko. Anali munthu wofatsa, wamanja akuda ndi girizi, amene mkazi wake anamwalira kalekale. Poyamba ankabweza zokonzazo kudzera mwa ana. Kenako anayamba kubweretsa yekha, kenako anayamba kubwera ngakhale palibe chothothoka, atanyamula galimoto yamawaya imene wapanga, ati ikufunika msomali wake. Masana ena, ana atapita, anakhala pakhonde akupotokola chipewa.

"Ndapeza malo kumsewu watala, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kuno. Kumeneko njinga zili ngati nyerere. Ndiye ndimati, kaya inu mukuona bwanji, tipitire limodzi."

"Nanga bambo?"

"Tiwanyamula. Msana ndili nawo."

Mzime anatha masiku atatu akuyenda ngati waledzera. Anathira mchere mu tiyi wa bambo. Tsiku lachinayi anaimbira foni achimwene.

"Bambo achoke m'nyumba yomanga okha, akagone kuseri kwa shopu ya njinga kwa mkamwini? Anthu atiseka, Mzime. Komanso nyumba yopanda munthu ndi ya chiswe. Ngati munthuyo akukufunadi, adikire."

"Adikire chiyani, achimwene?"

Onse awiri ankadziwa chimene chinkadikiridwa, ndipo palibe amene akanachitchula. A Sipoko anadikira chaka ndi miyezi ingapo. Tsiku lonyamuka anasiya pazenera chitini cha mawaya ndi timatayala, osagogoda. Patapita nthawi kunamveka kuti anakwatira mayi wina wogulitsa tomato kumeneko. Mzime atamva anati zili bwino, munthu sangadye mphepo, ndipo tsiku limenelo anachapa zofunda zonse, ngakhale zoyera.

Mbiri imayenda ngakhale mwini wake sayenda. M'chaka chachisanu ndi chitatu kunaima galimoto yoyera pakhomo. Munatuluka mayi wa magalasi, wochokera ku bungwe lina loona za ana. Anayang'ana misomali, tinsalu, njovu ya makutu osiyana, n'kuwomba m'manja.

"Izi ndiye timafunazi! Laibulale ya zidole, yoyambitsa munthu wa m'mudzi momwemo! Mayi, tikuthandizani."

Anajambula zithunzi zambiri: Mzime atanyamula chimbalangondo china chosoka yekha, atelala atazunguliridwa ndi ana. Patatha miyezi iwiri kunabwera makatoni asanu ndi limodzi a zidole zatsopano, zonunkhira sitolo. Kunabwera amisiri, anaika mashelefu, chitseko chachitsulo, loko wamkulu ngati chibakera, ndi zitsulo zotchinga akuba pazenera lija. Anasankha komiti ya anthu asanu, wapampando wake mwini golosale, poti ndiye anali ndi jekete. Mzime anasaina pepala la masamba atatu. Munali malamulo: chipinda chizitsegulidwa tsiku lililonse kuyambira thu koloko mpaka faifi, alendo a bungwe akhoza kufika tsiku lina lililonse osanena, ndipo zidole zatsopano zisamatuluke m'chipindamo.

"Koma mayi," anatero Mzime, "laibulale yake ndi yotani yosabwereketsa?"

"Zikangotuluka sizibwerera. Tinaona kwina. Azisewerera momwemuno, inu mukuwayang'anira."

Walira mvula walira matope. Kale ana ankabwera, kusankha, n'kupita kukasewera kwawo. Tsopano ankakhala momwemo, makumi asanu, nthawi zina makumi asanu ndi limodzi, m'chipinda chimene chinamangidwira telala mmodzi ndi kasitomala wake. Thukuta, phokoso, kulira, mkodzo wa makanda pakona. Amayi ena ataona kuti pali khomo lachitsulo ndi munthu wosachokapo, anayamba kusiya ana oyamba kumene kuyenda m'mawa popita kumunda. "Angokhala pang'ono, Anti, ndibwera pompano." Pompano wake ankakhala dzuwa litapendeka. Mzime ankapezeka atabereka mwana wa eni kumbuyo, akutembenuza bambo ake pabedi. A komiti ankabwera tsiku la alendo lokha, atasamba bwino, n'kuima kutsogolo pojambulitsa.

Zidole zakale, zosoka yekha ndi zokonza a Sipoko, anazisamutsira kukhitchini, n'kumabwereketsa mobisa kudzera kukhomo lakuseri. Ana anasunga chinsinsicho bwino kuposa mmene akanachitira akulu.

Tsiku lina m'mawa anaima pazenera atagwira zitsulo zija ndi manja onse awiri, akuyang'ana lole imene inkadutsa. Kamtsikana kena kopita kusukulu kanaima pamsewu n'kumuyang'ana kwa nthawi.

"Anti, munalakwa chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukauza kuti kafulumire belu lisanalire. Koma manja ake anachedwa kuchoka pazitsulopo.

Atelala anamwalira m'chaka cha khumi ndi chimodzi, masana a Lachitatu, phokoso lili pachimake. Anali pampando wawo pakona, kathabwa kofiira kali m'dzanja lamanzere, kamene mwana wina anawapatsa kuti amusungire. Mwanayo atabwera kudzakatenga anati agogo akukaniza. Mzime anawagwira patsaya, n'kutulutsa ana onse mwakachetechete, mmodzimmodzi, asanayambe kulira.

Maliro atatha, achimwene anamugwira paphewa. "Wagwira ntchito, mlongo wanga. Tsopano upume." M'mawa mwake anakwera basi yoyamba. Achemwali anatenga makina osokera, ati chikumbutso.

Sabata yachitatu, foni inalira. Anali mnzake uja wa ku koleji, amene tsopano ankayendetsa sukulu ya mkaka m'tauni.

"Ndamva za bambo, pepa mnzanga. Koma tamvera. Ndikufuna munthu wa kalasi ya ana a zaka zinayi. Satifiketi usadandaule nayo, udzamaliza uli pantchito. Ubwere mwezi ukamayamba. Ndipo sutikesi yako ija yandikwana, ndasamuka nayo nyumba zinayi."

Mzime anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Anakhala pansi pomwepo pakhonde. Kenako anayamba kuyenda ndi kiyi khomo ndi khomo. Wapampando anati nkhani yotere ndi ya komiti yonse, ndipo komiti idzakumana akapeza tsiku. Mkazi wa abusa anati ali ndi zambiri. Mtsikana wina amene anamaliza sekondale anafunsa ngati pali malipiro, atamva yankho anati akaganiza kaye. Potsiriza Amake Mapasa, amene ana awo aja anali atakula n'kuyamba kudziluka okha tsitsi, anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Kuwerenga sinditha, koma tinsalu ndimatidziwa. Pitani, anzathu, mwakhalitsa."

Anapitadi. Anagona m'kachipinda kakuseri kwa sukulu ya mkakayo, momwe munali bedi limodzi ndi msomali wokolekapo zovala. Atatsegula sutikesi, madiresi sanamukwane ndi limodzi lomwe, ndipo inki ya m'makope inali itasanduka yofiirira. Ana a m'kalasi mwake anali khumi ndi asanu ndi atatu okha, aliyense ndi kampando kake, ndipo hafu fo ikakwana makolo ankabwera kudzawatenga onse. Madzulo oyamba anatuluka pageti, n'kuima. Panalibe womufuna kulikonse. Anayenda mpaka kumapeto kwa msewu, mtima ukugunda ngati wasiya mphika pamoto, n'kubwerera mothamanga. Tsiku lachiwiri anafika pamsika. Tsiku lachisanu anakwera minibasi mpaka kumene imathera, anagula chinanazi choduladula, n'kudya ataimirira, akuyang'ana anthu osamudziwa. Pobwerera ankangomwetulira yekha, mpaka mayi amene anakhala naye mpando umodzi anasuntha pang'ono.

Masabata atatu anatha. Lolemba la sabata yachinayi, Amake Mapasa anaimba pa foni yobwereka, akulankhula mofulumira kuti mayunitsi asathe. Wapampando anawalanda kiyi, ati munthu wosakhala m'komiti sangasunge katundu wa bungwe. Makatoni anawasamutsira kuseri kwa golosale, ati kuopa akuba, ndipo ana ake okha ndiwo ankaoneka ndi njinga yamatayala atatu. Chipinda chinali chotseka. Koma amayi ena sanasiye chizolowezi. Wina anasiya mwana wa zaka ziwiri pakhonde, poganiza kuti wina atsegula. Mwanayo anayenda n'kulowa mumsewu, njinga yamoto inamugunda, mwendo unathyoka.

"Ali moyo, musadandaule, ali kuchipatala. Koma kuno kwaipa. Akuti inu ndinu munawazoloweretsa."

Asanapume n'komwe, anaimba achimwene. A bungwe anali atawalembera kalata monga eni nyumba, kufunsa kumene kwapita katundu.

"Ine ndilowe m'mavuto chifukwa cha zidole? Pepala unasaina ndiwe, Mzime. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pita ukakonze zimenezi, dzina la bambo lisaipe."

Anapempha sabata imodzi. Mnzakeyo anamupatsa, n'kumuperekeza kudepoti. Sutikesi anaisiyanso, poti ankabwera posachedwa.

Anayambira kuchipatala. Mwanayo anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha, ndipo atamuona anatambasula manja nati, "Anti." Mayi ake anayang'ana kumbali. Kenako inayamba nkhani ya msonkhano. Tsiku loyamba wapampando anali atapita kukaoda katundu. Tsiku lachiwiri kunagwa maliro. Lachitatu mayi wa magalasi analephera kufika, mlatho unali utakokoloka. Atakumana pomaliza, anakangana kuyambira m'mawa mpaka masana za amene ayenera kusunga kiyi, ndipo palibe anafuna kuti mnzake ausunge, palibenso anafuna kutsegula tsiku ndi tsiku. Makatoni anabwerera asanu, lachisanu ndi chimodzi linati lalowa mbewa. Mayi wa magalasi anavula magalasiwo n'kupukuta maso.

"Mayi, ndinene zoona. Ife tinagwirizana ndi inu. Ngati inu palibe, galimoto ibwera kudzatenga zonse, tikapereke kwina. Sankhani."

Kunja kwa zenera ana anali ataunjikana, akumvetsera. Mzime anati atsegula kaye mwezi umodzi uku akuphunzitsa wina. Winayo sanapezeke. Amake Mapasa anati atukwanidwa mokwanira, kiyi ameneyo sadzamugwiranso ngakhale ndi mtengo. Sabata yachisanu chibwerereni kumudzi, mnzake uja anaimba.

"Ndayesetsa, mnzanga. Makolo akudandaula, kalasi singakhale yopanda munthu. Ndalemba wina. Pakapezeka malo ndidzakuuza."

"Ndamva. Wachita bwino."

"Nanga sutikesi?"

"Madiresiwo upatse amene angamukwane."

Anaika foni pashelefu, pakati pa ndege ndi ng'oma yapulasitiki. Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana thu koloko, ndipo kunja ana anali atayamba kale kugogoda chitseko chachitsulo ndi timiyala.

Patatha zaka ziwiri bungwe lija linamaliza ntchito yake m'deralo. Galimoto yoyera sinabwerenso, komiti inafa yokha popanda woilira, ndipo chikwangwani cha pakhomo chinasuluka mpaka kutsala zilembo zitatu. Mzime anatsitsa zidole zonse m'mashelefu, zatsopano ndi zakale, n'kukhoma misomali ina. Tsopano chilichonse chimatuluka, ndipo zambiri zimabwerera. Zosweka amasoka pamanja. Anauza amayi onse kuti mwana wosatha kunena dzina lake asamasiyidwe pakhomo, ndipo amamvera kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Amalima kadimba kuseri kwa nyumba, amasokera anthu mabatani ndi zigamba, amadya. Kawiri konse anayesa kuphunzitsa atsikana kuti adzamulowe m'malo. Woyamba anakwatiwa, wachiwiri anapita kutauni, ndipo Mzime ndiye anamuthandiza kulongedza.

Chaka chatha, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, achimwene anabwera ndi mnzawo wa kuntchito kudzaona munda wogula. Anamupeza atakhala pampando wamfupi, akulumikiza khutu la njovu, mapini atatu ali pakamwa.

"Uyu ndi mlongo wanga, mzime wathu," anatero achimwene monyadira. "Ameneyu kuno sangachoke ngakhale mutamukoka ndi thirakitala. Tinayesa ife, anangokhala milungu itatu m'tauni n'kuthawa. Amakonda ana kwabasi."

Mlendoyo anati anthu otere ndi osowa masiku ano, Mulungu awadalitse. Mzime anawayang'ana achimwene akewo nthawi yaitali. Anali atakalamba, mutu wonse mbuu, ndipo zimene ananenazo ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi, n'kuwabaya pamimba pa njovu.

"Tasunthani pakhomopo, achimwene," anatero. "Ana aweruka, akupondani."